Bokosi la Telala Wamoyo

Chipatalacho chinali cha zipinda zitatu zokha: chodikirira, choyezera odwala, ndi kachipinda ka mankhwala kamene munthu wonenepa ankalowamo chammbali ngati nkhanu. Chinali pakati pa golosale ndi shopu yokonza mawailesi, ndipo mabenchi ake awiri ankakhala atadzaza dzuwa lisanafike pamutu. Mwini wake anali dokotala wa dzanja labwino. Matenda ankawadziwa, jakisoni wake sankapweteka, ndipo ana amene ankalowa akulira ankatuluka akuyamwa chala. Koma anali ndi nthenda imodzi imene iye mwini sankaiona: akangomva kuti kwinakwake kukununkhira phindu, mtima wake unkadumpha mpanda n'kumusiya m'mbuyo.

Ankagwira ntchito ndi namwino mmodzi, mayi wa imvi zapatalipatali amene aliyense ankamutchula kuti Sisita. Anali atakhala pachipatalapo zaka khumi ndi zinayi, ndipo ankadziwa amene amabisa mapiritsi pansi pa pilo, amene amamwa mowa n'kumakana, ndi amene amabwera kudzangocheza. Zonsezi ankazisunga m'mimba, sankauza ngakhale mwamuna wake.

Chaka china dokotala anagula kompyuta yosungira mbiri za odwala. Munthu akafika, Sisita ankamuimika pasikelo, kumuyeza msinkhu pakhoma, n'kulemba zonse: dzina, zaka, nambala ya foni, kulemera, kutalika, ndi vuto lamubweretsa. Kompyutayo inkathanso kutumiza yokha uthenga pafoni wokumbutsa munthu tsiku lobweranso. Okalamba anaikonda kwambiri. Ena ankayankha uthengawo ndi moni wautali, n'kufunsanso ngati kunyumba kwa kompyutayo onse ali bwino.

Tsiku lina kunabwera mlamu wake wa dokotala, mlongo wa mkazi wake, kalipentala wokhoma mabokosi a maliro. Kamtengo kanali katamulowa pachala. Malonda ake sankayenda bwino, chifukwa mumsewu wake munali mutatsegulidwa malo ena atatu okhoma mabokosi, ndipo ofedwa ankangolowa khomo limene layandikira. Pamene Sisita ankamuchotsa kamtengo kaja, maso a kalipentala anali pa kompyuta.

"Alamu, kodi kuno mumayezanso msinkhu wa munthu?" anafunsa.

Dokotala anavomera. Kalipentala anadikira mpaka Sisita atatuluka, kenako anakokera mpando pafupi n'kuyamba kudandaula. Anati vuto la ntchito yake ndi lakuti kasitomala amafika mochedwa, ndipo safika yekha. Amabwera achibale maso atatupa, osadziwa n'komwe kutalika kwa munthu wawo, wina akuloza apa, wina akuloza apo. Koma dokotala, anatero, amawadziwa anthuwo akadali ofunda, ndi manambala awo a foni omwe. Chimene ankapempha chinali chaching'ono: kompyuta ija izitumizako kauthenga kaulemu kwa odwala kwambiri, kowadziwitsa kuti mabokosi abwino aliko. Pa bokosi lililonse logulidwa mwa njira imeneyi, dokotala azilandira gawo lake.

Dokotala sanavomere, komanso sanakane. Anagona nayo nkhaniyo, ndipo pofika m'mawa anali ataichapa, kuiyanika ndi kuisita mpaka inaoneka ngati chifundo. Anauza Sisita kuti akufuna kuthandiza mabanja kukonzekera, kuti imfa isamawadzidzimutse ngati mbala. Sisita anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Adokotala, munthu amavula malaya m'chipinda muno chifukwa akudziwa kuti chitseko chatsekedwa. Inu mukufuna kutsegula zenera."

Dokotala anayankha kuti palibe chinsinsi chimene chituluke panja, chifukwa mlamu ndi wachibale, ndipo za m'banja sizili panja. Sisita anati akamva kuti zimenezo zachitika, iye avula yunifolomu tsiku lomwelo. Dokotala anaseka n'kunena kuti amangocheza, ndipo Sisita anayesa kuti nkhaniyo yafera pomwepo. Koma pa nthawi ya chakudya chamasana, namwinoyo atatuluka, dokotala anakhala pa kompyuta ndi kapepala kamene mlamu wake analembapo mawu a uthenga. Anakonza kabokosi kofiira pambali pa dzina la wodwala aliyense, pa tsamba limene Sisita sankatsegula. Akangochonga m'kabokosimo, pakatha maola awiri uthenga unkapita wokha, utadzaza dzina la nthendayo, msinkhu wa mwini wake, ndi mtundu wa matabwa umene dokotala wamusankhira.

Mwezi woyamba anachonga anthu asanu okha, amene analidi m'manja mwa Mulungu. Achibale awo anakhumudwa, koma anaganiza kuti kalipentala wangomva mphekesera, ndipo mabanja awiri anagula. Dokotala analawa gawo lake, n'kupeza kuti likutsekemera. Mwezi wachiwiri mlamu wake anabwera nkhope ili yakugwa.

"Alamu, mukuchiritsa kwambiri," anatero. "Matabwa anga akungodyedwa ndi chiswe."

Dokotala sanasiye kuchiritsa, pakuti kumenekonso kunali kudya kwake. M'malo mwake anakulitsa ukonde. Anayamba kuchonga aliyense wopitirira zaka makumi asanu ndi limodzi. Kenako anaonjezera odwala shuga ndi othamanga magazi. Kenako aliyense amene chifuwa chake chapitirira mlungu. Pomaliza ankachonga ngakhale munthu amene wangopuma mozama pokhala pansi. Nthawi zina ankadzipeza khutu likumvetsera mtima wa wodwala, koma diso likuyeza mapewa ake. Zikatero ankatsokomola pang'ono, n'kulemba mankhwala oyenera ndi dzanja lamanja, lamanzere likuchonga m'kabokosi.

M'masiku amenewo ndi pamene kunabwera telala wina wa pamsika, bambo wamfupi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, wokonda nthabwala ndi tsabola. Anati akadya, pachifuwa pamatentha ngati wameza simbi. Dokotala anamuyeza bwinobwino n'kumuuza kuti ndi chilungulira chabe, achepetse tsabola ndi mafuta, amwe mapiritsi kwa milungu iwiri. Telala anathokoza. Koma podzuka pampando anagwira pachifuwa n'kubuula pang'ono, monga amachitira anthu a msinkhu wake akamadzuka, ndipo chala cha dokotala chinachonga chokha.

Uthenga unamupeza telala ali pamakina ake, mapini ali kukamwa, akupinda mwendo wa thalauza. Unali wotere: "Bambo okondedwa, tamva za vuto lanu la pachifuwa ndipo tili nanu limodzi m'nyengo yovutayi. Musasiyire ana anu chipsinjo. Tili ndi bokosi la msinkhu wanu, masentimita 161, la matabwa olimba, lofewa mkati. Bwerani mudzasankhe nokha mtundu."

Telala analavula mapini m'dzanja n'kuwerenganso. Kenako anavula nsapato, anaima pachitseko, analemba choko pamwamba pa mutu wake, n'kutambasula tepi. Inakwana 161 ndendende. Moyo wake wonse ankauza anthu kuti ndi wa 165, ndipo ngakhale mkazi wake ankadziwa choncho. Amene ankadziwa zoona anali khoma la kuchipatala lokha. Tsono telala ndi munthu amene sakhulupirira pakamwa pa kasitomala, amakhulupirira tepi. Anaona kuti nkhani yonse yamveka: dokotala anamumvera chisoni, anamunamiza kuti ndi chilungulira, koma anauza okhoma mabokosi kuti ayambe kupala matabwa.

Anafunditsa makina nsalu, anatseka shopu dzuwa lili pamutu, n'kupita kunyumba akuyenda pang'onopang'ono ngati wasenza mazira. Mkazi wake anali mphunzitsi wopuma ntchito, mayi wamtali wosakonda zachibwana, amene mumsewu monse ankamutchula kuti Madamu. Atawerenga uthengawo anauza mwamuna wake kuti abwerere kuchipatala akafunse bwino. Telala anakana. Anati madokotala sauza munthu pamaso, ndipo iye sangakakakamize munthu wophunzira kunama kawiri. Mapiritsi aja anawataya kudzala, ati kumwa mankhwala uli pamzere wopita ndi kungowononga madzi.

M'mawa mwake anayamba kukonza njira yake. Choyamba anaitanitsa makasitomala ake akale mmodzimmodzi, n'kuwaululira tchimo limene analisenza zaka makumi awiri: ankawachotsera manambala a m'chiuno kuti asangalale, koma podula nsalu ankadula zoona. Mayi wina woimba kwaya, amene ankayenda monyadira podziwa kuti chiuno chake ndi 34, anamva tsiku limenelo kuti ndi 44, ndipo wakhala choncho kuyambira mwana wake wachitatu. Anatuluka osatsanzika. Bambo wina wa ku banki anafunsa ngati zimenezi zingathe kukhala pakati pa awiriwo, telala n'kumuuza kuti kumene akupita sikufunika katundu.

Kenako anaitana mkamwini wake, amene kwa zaka zisanu ankamutcha waulesi wa manja a thonje. Anamugwira dzanja, anamupempha kuti amukhululukire, n'kumupatsa makina osokera, lumo lalikulu ndi simbi. Mkamwini analira misozi yeniyeni, koma sanaiwale kubwera ndi wilibala tsiku lomwelo.

Womaliza anali Madamu. Telala anamukhazika m'mphepete mwa bedi n'kumuuza kuti diresi lake labuluu lija, limene linasowa m'chaka choyamba cha ukwati wawo, silinabedwe ndi mng'ono wake wa Madamu monga iye ananenera. Analiwotcha yekha ndi simbi n'kulikwirira kuseri kwa bafa. Anaonjezanso kuti, popeza akunena zonse, kuimba kwa Madamu m'mawa sanakukondepo ngakhale tsiku limodzi. Madamu anamvetsera manja ali pamiyendo. Anangoti adzayankha mwamuna wake akadzachira kapena akadzamwalira, chimene chidzayambe.

Tsiku lachinayi telala anapita yekha kwa kalipentala kukasankha bokosi. Anagonamo m'mabokosi atatu, akutembenuza mapewa monga amauzira makasitomala kuti atero poyesa jekete. Anasankha lofiirira, koma nsalu ya mkati inamukwiyitsa. Anati msoko wake ndi wokhota ngati njira ya woledzera, ndipo iye sangagone kosatha pa ntchito yotere. Bokosilo litafika kunyumba n'kuikidwa pabalaza, anasomola nsalu yonse n'kuisokanso ndi manja masiku awiri. Imeneyo inali ntchito yomaliza imene anagwira. Atamaliza anakagona pabedi kudikira.

Achibale anamva ndipo anabwera: mchemwali wake, azisuweni, amalume ake okalamba amene anachita kuwanyamula. Anadzaza nyumba, akudya katatu patsiku ndi kulankhula monong'ona. Telala yekha ndiye anasiya kudya, ankangomwa tiyi wopanda mkaka ndi supu pang'ono. Popeza tsabola ndi mafuta zinali zitasiya kulowa, kutentha kwa pachifuwa kunatheratu. Iye anati chimenecho ndiye chizindikiro chenicheni, chifukwa ululu umamusiya munthu akayandikira. Zinali zoseketsa kwa ongomva, koma osati kwa Madamu, amene ankaona mwamuna wake akusungunuka ngati kandulo. Pofika mlungu wachitatu masaya anali atalowa, lamba anali wopanda bowo lomukwana, ndipo sankatha kupita kubafa popanda womugwirizira. Munthu amene analibe nthenda yakupha anayamba kufa ndi uthenga wa pafoni.

Achibale nawo anayamba kutopa. Msuweni wina anakokera Madamu pambali n'kufunsa mwaulemu ngati adokotala anatchulako tsiku, chifukwa kuntchito anangomupatsa masiku khumi. Madamu anavala nsapato zake zakusukulu, anatenga foni ya mwamuna wake, n'kulunjika kuchipatala.

Anapeza mabenchi ali ndi anthu awiri okha, dokotala atatuluka. Analowa kwa Sisita n'kukhala pansi.

"Sisita, ine ndine munthu wamkulu, ndaikapo makolo anga onse awiri. Ndiuzeni zoona. Amuna anga atsala ndi masiku angati?"

Sisita anatsegula mbiri ya telala, anaiwerenga, n'kunena kuti sakumvetsa funsolo, chifukwa bamboyo ali ndi chilungulira basi. Madamu anamupatsa foni ija. Sisita anawerenga uthengawo kawiri. Anafufuza m'kompyutamo mpaka anapeza timabokosi tofiira tija, n'kuyamba kutsika ndi chala: mayina oposa mazana awiri anali ochongedwa. Pamenepo anamvetsa chimene chinkamusowetsa mtendere kwa milungu ingapo, chifukwa chake mabenchi ankaphwa ngati chitsime m'chilimwe. Mayi wogulitsa zitenje, wodwala shuga, amene sankaphonya tsiku lake, anali atasowa milungu isanu. Mlonda wokalamba wothamanga magazi sanabwerenso kudzatenga mapiritsi. Aliyense anali atalandira uthenga wake, n'kuubisa ndi mantha kapena manyazi, akuganiza kuti ndi yekha.

Sisita sanamubisire Madamu kalikonse. Anamuuza za mlamu, za kamtengo ka pachala, ndi za mawu amene iye analankhula n'kuganiza kuti amveka. Kenako anatenga foni yakeyake n'kuyamba kuimbira onse amene anasowa, kuwauza kuti sakufa, abwere mawa adzatenge mankhwala awo. Ena analira, ena anamutukwana, ena anafunsa ngati si njira yowayezanso. Foni ya mayi wa zitenje inayankhidwa ndi mwana wake, amene anati amayi ake agonekedwa kuchipatala chachikulu, phazi litatupa ndi kuda, chifukwa anasiya mankhwala atamva kuti bokosi lawo lakonzeka. Sisita anaika foni pansi n'kugwira pakamwa.

Madamu atafika kunyumba n'kufotokoza, telala anamwetulira mwachisoni. Anati akuthokoza kuti mkazi wake ndi Sisita agwirizana zomutonthoza, koma iye wakonzeka kale, asamuvutitse. Madamu sanatsutsane naye. M'mawa mwake anaitana galimoto yonyamula katundu, analamula azisuweni kuti akweze bokosi, n'kumukhazika mwamuna wake kutsogolo atamufunditsa bulangeti. Telala sanakane, ankayesa kuti tsiku lafika ndipo akungofupikitsa ulendo.

Kuchipatala anapeza anthu amene Sisita anawaimbira atadzaza mpaka pakhonde. Azisuweni analowa ndi bokosi, anthu anapatuka, ndipo linaikidwa mopingasa pamabenchi awiri aja. Kenako mlonda wokalamba uja anatulutsa foni yake n'kuonetsa woyandikana naye, ameneyonso n'kutulutsa yake, mpaka chipinda chonse chinali mafoni m'mwamba. Anthu anayamba kuwerengerana mauthenga. Bambo wina woyendetsa minibasi, amene anabwera ndi chithupsa pamalo okhalira, anati wake unayamba ndi mawu akuti tamva za vuto lanu la kumatako, ndipo amene anauwerenga koyamba anali apongozi ake aakazi, omwe anabwereka foniyo kuti aimbire kumudzi. Mlonda uja anakwiya pa chifukwa china. Anaona kuti telala anamulonjeza matabwa olimba, pamene iye anamulembera za matabwa otsika mtengo oyenera thumba lake, ndipo ankafuna kudziwa amene anauza kalipentala za thumba lakelo.

Dokotala anafika mkati mwa phokosolo, chikwama chili m'manja. Ataona bokosi pamabenchi anaima pakhomo ngati wapondedwa phazi. Madamu anadikira kuti anthu akhale chete, monga ankachitira m'kalasi, kenako analoza mwamuna wake amene anali atatsamira khoma.

"Adokotala, muuzeni munthu uyu pamaso pa anthu onsewa. Akufa kapena sakufa?"

"Mayi, tonsefe tidzafa," anatero dokotala.

"Sindinafunse za tonse."

Dokotala anayang'ana pansi. "Sakufa. Ndi chilungulira."

Telala anadzutsa mutu. Mawu ake atatuluka anali ang'onoang'ono, a munthu wosadya milungu itatu. "Ndiye kuti makina anga aja ndangopereka chabe? Nanga anthu aja ndinawauza ziuno zawo ndikawayang'ana bwanji?"

Ena anaseka, koma kuseka kwake sikunapite patali, chifukwa onse ankaona mmene bulangeti linkalendewera pamapewa pake. Dokotala anayesa kudziteteza. Anati makina amakono amalakwitsa, kompyutayo iyenera kuti inasokonezeka n'kumatumiza yokha zinthu zimene sanaitume. Sisita, amene anali ataima pakhomo la kachipinda ka mankhwala, ananena mofatsa kuti kompyuta ilibe chala, ndipo kuchonga kulikonse kuli ndi tsiku ndi ola lake, nthawi imene pa kompyutapo panali munthu mmodzi yekha. Dokotala anasintha nyimbo, n'kunena kuti cholinga chake chinali kuthandiza mabanja kukonzekera. Woyendetsa minibasi anamufunsa kuti munthu wa chithupsa amakonzekera chiyani. Pomaliza dokotala analonjeza kuti tsiku limenelo ayeza aliyense kwaulere. Palibe amene anasuntha. Sisita anagawira anthu mapiritsi awo monga mwa masiku onse, anapatsa telala ena atsopano, kenako anavula yunifolomu, anaipinda bwino, n'kuisiya patebulo.

Madamu analemba kalata ya masamba atatu, ya zilembo zoongoka ngati za pabolodi, yopita ku bungwe loyang'anira madokotala. Anthu makumi anayi ndi asanu ndi awiri anasainira, ndipo mwana wa mayi wa zitenje anasainira m'malo mwa amayi ake, amene madokotala a kuchipatala chachikulu anawapulumutsa atawadula zala ziwiri za kuphazi. Patatha milungu iwiri kunabwera anthu atatu a bungwelo, ananyamula kompyuta, n'kumata chikalata pachitseko.

Pa tsiku lomva nkhaniyo dokotala ankayembekeza kuti mlamu wake asenza nawo mtolowo, popeza maganizo anachokera kwa iye. Kalipentala anaimirira atavala jekete lobwereka, n'kunena kuti iye ndi munthu wa matabwa ndi misomali, sanalumbirepo kwa wina aliyense kuti adzasunga chinsinsi cha odwala. Iye anangopempha, monga munthu amapemphera moto kwa mnansi, ndipo wopereka ndiye amadziwa ngati motowo ndi wake. Bungwelo linamulanda dokotala chiphaso chake kwa zaka zisanu.

Koma kalipentala nayenso sanapulumuke. Mabanja amene anagula mabokosi a anthu amoyo anawabweza n'kuwaunjika pakhomo pake. Ofedwa enieni ankadutsa shopu yake n'kukalowa kwa anzake atatu aja, ati sangagule kwa munthu amene amawerengera anthu masiku akadali kuyenda. Okalamba akamuona akubwera ankawolokera tsidya lina la msewu. Patatha miyezi iwiri anamanga zida zake n'kusamukira kutali kukakhoma zitseko ndi mawindo, akuuza aliyense kuti mlamu wake ndiye anamugwetsera malonda.

Telala anachira ndi chakudya cha Madamu, chopanda tsabola. Mkamwini poyamba anakana kubweza makina, ati mphatso ya munthu wakufa sibwezedwa, ndipo si vuto lake kuti woperekayo wasintha maganizo. Madamu anapita yekha kunyumba kwa mkamwiniyo, anakhala pampando osalankhula kwa theka la ola akungomuyang'ana, ndipo makinawo anabwerera pa wilibala yomwe ija. Makasitomala anabwerera pang'onopang'ono. Mayi wa kwaya anabwera pomaliza, n'kunena kuti asoketsa pokhapokha telala abwerere ku manambala akale. Bokosi lija kalipentala anakana kulilandira chifukwa nsalu ya mkati inali itasinthidwa, choncho telala analiika m'shopu n'kumasungamo nsalu za masuti, ati njenjete sizilowamo. Za diresi labuluu, Madamu anamutuma kukapepesa kwa mng'ono wake ndi diresi latsopano m'manja. Za kuimba sananene kanthu, anangoonjezera nyimbo ziwiri m'mawa uliwonse.

Sisita anapeza ntchito pa chipatala china kutsidya kwa msika, ndipo odwala onse anamutsatira, ndi ana awo omwe. Zipinda zitatu zija mwini nyumba anazipereka kwa munthu wogulitsa matayala.

Tsiku lochotsa katundu dokotala anazula yekha chikwangwani cha chipatala n'kuchinyamula pamutu mpaka kunyumba, chifukwa woyendetsa galimoto aliyense amene anamuimitsa anali ndi mbale wake m'gulu la mazana awiri aja. Anafika thukuta lili kamukamu. Mkazi wake, amene m'miyezi imeneyi anali atasiya kupita kumsika masana chifukwa cha manyazi a mwamuna ndi a mlongo wake, anali pakhonde akusankha mpunga. Dokotala anatsamiritsa chikwangwanicho kukhoma, zilembo zitayang'ana mkati, n'kukhala pasitepe. Anayamba kufotokoza kuti zaka zisanu si zambiri, kuti pakadali pano angathe kuyesa malonda ena, kuti wamva zoti kuli phindu pa zakutizakuti. Mkaziyo anamusiya mpaka mawu atamuthera.

"Bambo, amoyo ankatidyetsa, ndipo ankakupatsani moni pamsewu," anatero osakweza mutu. "Inu munafuna kuti akufanso azitidyetsa. Tsono lero ndikaphike za ndani?"

Kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhaniyi, dokotala sanapeze mawu oichapira. Anakhala pasitepepo manja ali lende, mpaka mthunzi wa nyumba unamupitirira.

Anali ndi nthambi yake yolimba, yobala zipatso chaka ndi chaka, koma anatambasula dzanja kuti agwirenso ya mtengo wina, ndipo zonse ziwiri zinamupulumuka. Akuluakulu sananame pamene anati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.